Pineapple sage yanga ikufota masana, ndichite bwanji?

Nabanda, Chilomoni:
Moni nonse. Mu Ogasiti mlamu wanga anandipatsa kanthambi ka pineapple sage, chomera chija masamba ake ukawatikita m'manja amanunkhira chinanazi chakupsa. Ndinabzala m'chidebe cha penti pakhonde, mbali yolowera dzuwa. Chakula kufika m'mawondo, koma chiyambireni Okutobala, ikangokwana 1 koloko masamba onse amalendewera ngati chafa. Ndikathirira madzulo chimadzukanso. Maluwa ofiira amene mlamu ankanena sindinawaonebe. Sindikufuna chife, ana anga anazolowera masamba ake mu tiyi wopanda mkaka. Thandizeni.

Bambo a Tadala, Machinjiri:
Amayi, chomeracho sichikudwala, ndi ludzu basi. Kwawo ndi kumapiri a ku Mexico ndi Guatemala, m'nkhalango zozizirira, ndiye dzuwa la masana la mwezi uno chimalephera kulipirira. Chidebe chachitsulo chimatenthanso mizu. Chisamutseni chizilandira dzuwa la m'mawa lokha, kapena chibzaleni pansi penipeni. Muzithirira m'mawa, osadikira madzulo, ndipo patsinde ikani udzu wouma. Koma udzuwo muziuyang'anira, chiswe cha kuno sichichedwa.

Mayi a Chisomo, Bangwe:
Za maluwa musadandaule asisi. Chimachita maluwa usiku ukayamba kutalika, ndiye kuno dikirani cha mu Epulo mpaka nyengo ya chiperoni. Changa chikamasula, timbalame tija timayamwa maluwa sitichoka pampanda. Funso langa: pakhondepo pamayaka getsi usiku wonse? Ngati ndi choncho, chichotsenipo, kuwalako kumachisokoneza ndipo chimangochita masamba. Pano muzitsina nsonga kuti chiphuke nthambi zambiri, mukasiye kutsina mvula ikamatha.

Achimwene a ku Chirimba:
Ine ndingochenjeza pa zothirirazo. Dothi lathu lakatondoli limasunga madzi, ndiye mukabzala pansi osasakaniza ndi mchenga ndi manyowa owola bwino, mvula ya mu Januwale idzaoletsa mizu. Ngati chikhalabe m'chidebe, boolani pansi pake. Komanso dulani nthambi ziwiri zotalika ngati chikhatho, sadzulani masamba am'munsi, muziike m'botolo la madzi pamthunzi. Sizivuta kutulutsa mizu. Chachikulucho chikakanika mudzakhala ndi china.

Nabanda, Chilomoni:
Zikomo nonse. Asisi a ku Bangwe mwalasa, getsi limayakadi pamwamba pake penipeni usiku wonse. Mawa ndichisamutsira kuseri, pafupi ndi mtengo wa mapeyala kumene dzuwa limafika m'mawa. Achimwene, madzi am'botolowo ndizisintha pakapita masiku angati?