Tikaone chani cha mbiri yakale ku Cape Maclear?

Mphunzitsi_waFomu2:
Abale ndithandizeni, mwezi wamawa ndikutenga ana asukulu kupita ku Lake Malawi National Park koma sindikufuna angokasambira nkubwerako ayi, kodi aliko malo ambiri yakale oti akaone?

Wakunyanja:
Aliko aphunzitsi. Yambani ndi manda a amishoni a Livingstonia, ali mkati mwa paki momwemo chakufupi ndi Otter Point. Mishoni inayambira pamenepo mu 1875 kenako malungo atawavutitsa anasamukira ku Bandawe mu 1881. Ine nditaima pamandapo mtima unandiwawa ndithu, malo onse zii, anyani okha mmitengo, ndikuganiza anthuwa kudzafera kutali chonchi ndi kwawo.

MayiWaAwiri:
Musaiwale Mwala wa Mphini!! Uli mmbali mwa msewu mukamalowera kwa Chembe, chimwala chachikulu chamizeremizere ngati mphini zija ankatema agogo athu. Akatswiri amati mizereyo inangobwera yokha, sanasemepo munthu. Anawo muwafunse kaye maganizo awo musanawauze.

Wakunyanja:
Eya, muwauzenso kuti bungwe la UNESCO la United Nations linazindikira pakiyi ngati malo ofunika padziko lonse mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna, tinsomba tokongola tokhala mmiyala ya mnyanjamo. Mutenge madzi akumwa ambiri kumatentha heve, ndipo kamba mubise, anyani akumeneko amatsomphola mmanja.