Kodi Dennis Potter ankangolemba mbiri ya moyo wake m'masewero ake?

Nachisale:

Ndangomaliza kuonera zigawo zonse 6 za The Singing Detective, sewero limene BBC inaulutsa pa wailesi ya kanema mu 1986, ndipo ndabwera ndi mafunso kwa inu amene mumawadziwa bwino masewero a ku England. Chimene chinandigwira mtima poyamba ndi matenda a Philip Marlow, munthu amene wagona m'chipatala khungu lake likusupuka thupi lonse, zala zitapindikira m'kati moti sangathe kudzichitira kanthu. Malemu bambo anga anavutika zaka zambiri ndi nthenda ya khungu yofanana ndi imeneyi, ndipo pamene ndinaona namwino akupaka Marlow mafuta iye akuvutika ndi manyazi, ndinakumbukira timamba toyera timene tinkakutumula pa zofunda zawo m'mawa uliwonse, iwo atayang'ana kukhoma kuti tisaonane maso.

Ndamva kuti wolemba seweroli, Dennis Potter, ankadwala nthenda yomweyo. Kodi tinene kuti zonse zimene zili m'seweromo, kuphatikizapo zoopsa zimene Marlow anaona m'nkhalango ali mnyamata, zinamuchitikiradi? Chinanso chimene sindinachimvetse ndi nyimbo. Madokotala azungulira bedi la wodwala, akukambirana za iye ngati kuti palibe, kenaka mwadzidzidzi ayamba kuvina ndi kuyendetsa milomo motsatira nyimbo yakalekale yoimbidwa ndi anthu ena. Kodi wolemba ankafuna kutiuza chiyani pamenepa? Ndikufunanso kudziwa ngati analembako masewero a pa siteji, kapena moyo wake wonse unathera pa kanema.

Bambo Mbewe:

Pepani ndi za bambo, a Nachisale. Funso lanu loyamba lili ndi maziko, chifukwa zambiri za m'seweroli zimakumanadi ndi moyo wa mwini wake. Potter anabadwa pa 17 Meyi 1935 ku Berry Hill, mudzi wa m'dera la Forest of Dean ku Gloucestershire, pakati pa mitsinje ya Severn ndi Wye, kufupi ndi malire a Wales. Bambo ake ankagwira ntchito mumgodi wa malasha ndipo mayi ake anali ochokera ku London, monga momwe zilili ndi makolo a Marlow, ndipo nkhalango imene mnyamata uja amakwera mumtengo n'kumalankhula yekha ndi nkhalango yomweyo imene Potter anakuliramo.

Anali mwana wanzeru kwambiri m'kalasi. Atatha zaka ziwiri za usilikali zimene anyamata onse ankalamulidwa kugwira nthawi imeneyo, kumene anaphunzira Chirasha nagwira ntchito ya ukalaliki ku War Office, unduna umene unkayang'anira asilikali, anapita ku New College ku Oxford mu 1956. Ku England wa masiku amenewo, mwana wa munthu wa mumgodi akafika ku Oxford ankabwerako ali mlendo kwawo komwe, chifukwa ngakhale kalankhulidwe kankasintha, ndipo bambo ndi mwana ankasowa chokambirana patebulo limodzi. Potter ali wophunzira anaonekera pa kanema akufotokoza za kusiyana kumeneku, kenaka mu 1960 anapanga pulogalamu ya BBC yotchedwa Between Two Rivers, yoonetsa anthu a kwawo ndi banja lake lomwe. Pambuyo pake zinamuwawa mumtima, poona ngati waika makolo ake pambalambanda kuti iye atchuke. Bala limeneli ndi limene linabereka Stand Up, Nigel Barton mu 1965, sewero la mwana wa mumgodi amene ali ku Oxford ndipo akuonera limodzi ndi makolo ake pulogalamu imene iye akunena za manyazi ake ndi kwawo.

Poyamba sankalinga zokhala wolemba masewero. Anali mtolankhani ku nyuzipepala ya Daily Herald ndipo mtima wake unali pa ndale, moti pa chisankho cha 1964 anaimira chipani cha Labour m'dera la East Hertfordshire koma sanapambane. Nthawi imeneyo nthenda inali itamuyamba kale, asanakwanitse zaka 30. Madokotala amaitcha psoriatic arthropathy, ndipo imagwira khungu pamodzi ndi mfundo za mafupa. Ndale zinamugwiritsa mwala, thupi linamukaniza kuyendayenda kotola nkhani, ndiye anakhala pansi kulemba. Patapita zaka manja ake anafumbatika osatambasukanso, ndipo ankalemba pamanja cholembera chitapanikizidwa m'chibakera. Choncho mukamaona manja a Michael Gambon, amene anachita ngati Marlow, pabedi paja, dziwani kuti wolembayo ankadziwa ululu wake kuchokera m'kati.

Nangozo:

Zonse zimene anena Bambo Mbewe ndi zoona, koma ndikupempha kuti tisamale, chifukwa kuchoka pa mfundo yakuti malo ndi matenda ndi ake kufika ponena kuti nkhani yonse ndi yake pali dzenje limene ena anagweramo kale. M'seweroli mnyamata amaona mayi ake akugona ndi mwamuna wina m'nkhalango, ndipo pambuyo pake mayiwo amadzipha podziponya mumtsinje ku London. Mayi ake enieni a Potter sanachite zoterozo ndipo anali moyo pamene seweroli linkaulutsidwa. Mary Whitehouse, amene kwa zaka zambiri ankatsogolera gulu lolimbana ndi zimene ankati ndi zolaula pa kanema, ananena pa wailesi kuti nthenda ya Potter inayamba chifukwa choona mayi ake akuchita chigololo. Mayi Potter anakasuma kukhoti, ndipo BBC pamodzi ndi magazini ya The Listener anawalipira chipukuta misozi. Tangoganizani mayi wokalamba akumva dziko lonse likuuzidwa bodza lotero chifukwa chakuti mwana wawo ndi wolemba waluso.

Potter mwini wake ankakana kuti masewero ake ndi mbiri ya moyo wake, ngakhale ankavomera kuti amabwereka maonekedwe a mbiri yotero chifukwa amakoka woonera. Ine ndimamuona ngati mlimi amene ali ndi kamunda kamodzi ndipo amakatembenuza chaka ndi chaka. Mwachitsanzo, mwana amene walakwa m'kalasi n'kunamizira mnzake wofooka, mnzakeyo n'kulangidwa pamaso pa onse, amapezeka mu Stand Up, Nigel Barton ndipo amabweranso patapita zaka 21 mu The Singing Detective, koma ulendo wachiwiriwu cholakwacho ndi chonyansa kwambiri ndipo chikumbumtima chake chimamutsata mpaka ku ukulu.

Za nyimbo, njira imeneyi anaikhazikitsa mu Pennies from Heaven, sewero la zigawo 6 la mu 1978, mmene Bob Hoskins amachita ngati Arthur Parker, munthu woyendayenda kugulitsa mapepala olembedwapo nyimbo m'zaka za m'ma 1930. Kumayambiriro kwenikweni Arthur ali m'chipinda chogona, mkazi wake wamukana, ndipo akatsegula pakamwa mumatuluka mawu a woimba wamkazi a pa mbale yakale ya galamafoni. Woonera amadzidzimuka, mwina kuseka kumene, koma posakhalitsa amazindikira kuti munthuyu alibe mawu akeake onenera zimene akulakalaka, ndipo nyimbo zotchipa za chikondi ndi zokhazo zimene zimamulankhulira. Potter anakulira m'tchalitchi chaching'ono cha kumudzi kwawo, ndipo ankati nyimbo zotere zili ndi kanthu kena ka Masalimo, chifukwa zimalonjeza kuti dziko likhoza kukhala labwino kuposa mmene lilili. N'chifukwa chake sankalola kuti ochita sewero aimbe ndi mawu awo. Ankafuna kuti tione mpata umene uli pakati pa kukoma kwa nyimbo ndi kuwawa kwa moyo wa munthu amene akuyendetsa milomoyo. Madokotala amene mwawatchula aja amavina nyimbo ya mafupa chifukwa thupi la Marlow latentha kwambiri ndipo akubwebweta, komanso chifukwa m'maso mwake iwo akumuona ngati mulu wa mafupa, osati munthu. Tili m'mutu mwa wodwala, ndipo m'mutu mwa munthu zokumbukira, maloto, nyimbo ndi nkhani yopeka ya wofufuza milandu imene Marlow analemba zimasakanikirana popanda dongosolo.

Chikumbutso:

Ndiyankheko za siteji, a Nachisale, chifukwa funso limenelo latsalira. Analembako ndithu, koma kawirikawiri sewero linkayambira pa kanema kenaka n'kusamukira pa siteji. Son of Man, la mu 1969, limene linaonetsa Yesu ngati munthu wotuluka thukuta, wokwiya ndi wokayikira nthawi zina, linachitidwanso pa siteji chaka chomwecho. Brimstone and Treacle linajambulidwa mu 1976, koma Alasdair Milne, mmodzi wa akuluakulu a BBC, analetsa kuti liulutsidwe, ndipo anthu anadzalionera pa kanema mu 1987, patapita zaka 11. Pakati pamenepo linachitidwa pa siteji ku Crucible Theatre ku Sheffield mu 1977, ndipo mu 1982 linakhala filimu mmene woimba Sting anachitamo. Sufficient Carbohydrate, la mu 1983 ku Hampstead Theatre ku London, ndilo analilembera siteji kuchokera pachiyambi. Koma limene magulu a zisudzo amalikonda kufikira lero ndi Blue Remembered Hills, la mu 1979, mmene anthu akuluakulu, kuphatikizapo Helen Mirren ndi Colin Welland, amachita ngati ana a zaka 7 akusewera m'nkhalango tsiku lina la chilimwe mu 1943. Chifukwa ndi akuluakulu ovala makabudula, sitingathe kunena kuti ndi zachibwana chabe, ndipo nkhanza zawo timaziona mmene zililidi, mpaka mnzawo Donald kupsera m'chinyumba chosungiramo udzu iwo atatseka chitseko.

Mtima wake unali pa kanema mwadala. Masiku amenewo ku Britain kunali matchanelo awiri kapena atatu okha, ndipo sewero limodzi linkaonedwa usiku umodzi ndi anthu mamiliyoni, wa mumgodi ndi mphunzitsi wa ku yunivesite pamodzi. Munthu amene anang'ambika pakati pa Berry Hill ndi Oxford ankafuna malo amene mbali zonse ziwiri zingamumve nthawi imodzi, ndipo nyumba za zisudzo za ku London sizikanamupatsa zimenezo.

Komabe sindikufuna kuti tizingomutamanda. Mu Brimstone and Treacle mlendo amene akuoneka kuti ndi mdyerekezi amagwiririra mtsikana wolumala amene satha kulankhula, ndipo mtsikanayo amayambanso kulankhula pambuyo pake. Ndikumvetsa kuti wolemba ankafunsa funso la chipembedzo, lakuti kodi chabwino chingatuluke m'choipa, koma thupi limene likulipira mtengo wa funsolo ndi la mkazi, ndipo m'masewero ake ambiri zimakhala choncho. Blackeyes, la mu 1989, limene analitsogolera yekha, linati likudzudzula amuna odyera masuku pamutu akazi, koma oonera ambiri anaona kuti kamera yake ikuchita zomwezo zimene akudzudzula, ndipo nyuzipepala zinamunyoza koopsa. Ine ndimaona kuti pamenepa odandaulawo anali ndi mfundo.

Bambo Mbewe:

A Chikumbutso, pa Blackeyes ndikugwirizana nanu, ngakhale pa Brimstone and Treacle ndimaonabe kuti kuletsa kunali kulakwa, popeza sewero lovutitsa maganizo liyenera kutsutsidwa ndi anthu amene aliona. A Nangozo, zikomo pondikonza, chifukwa ndinatsala pang'ono kupereka chithunzi chakuti zonse ndi mbiri.

Ndionjezere za mapeto ake. Mu 1993 anatulutsa Lipstick on Your Collar pa Channel 4, mmene Ewan McGregor ali kalaliki wachinyamata ku War Office mu 1956, nthawi ya mkangano wolimbirana ngalande ya Suez ku Egypt, ndipo chaka chomwecho pa msonkhano wa za kanema ku Edinburgh anadzudzula poyera John Birt ndi Marmaduke Hussey, amene ankatsogolera BBC, kuti akuwononga bungwe limene iye ankalikonda. Mu Febuluwale 1994 anauzidwa kuti ali ndi khansa ya kapamba imene inali itafika kale kuchiwindi. Mwezi wotsatira anacheza ndi muulutsi Melvyn Bragg pa pulogalamu imene Channel 4 inaulutsa mu Epulo. Anakhala pampando atawonda, ndudu ili m'dzanja lofumbatika lija, akumwa mankhwala a morphine a madzi ululu ukakula, ndipo anafotokoza za maluwa a mtengo wa pawindo pake ku Ross-on-Wye, kuti popeza akudziwa kuti sadzawaonanso chaka china, akuwaona kuyera kwake kuposa kale lonse. Ananenanso kuti chotupa chake wachipatsa dzina la Rupert, kutanthauza Rupert Murdoch, mwini nyuzipepala zambiri, amene ankamuimba mlandu woipitsa utolankhani wa ku Britain. Pa pulogalamu yomweyo anapempha kuti BBC ndi Channel 4, amene ankapikisana, agwirizane kupanga masewero ake awiri omaliza, Karaoke ndi Cold Lazarus, amene ankathamangira kuwamaliza uku akudwazika mkazi wake Margaret, amene anali ndi khansa ya m'mawere. Margaret anamwalira pa 29 Meyi 1994, ndipo iye anatsatira pa 7 Juni, patangopita masiku 9, ali ndi zaka 59. Pempho lake linamveka, ndipo masewero awiriwo anaulutsidwa mu 1996, Albert Finney ali mwini nkhani.

Nachisale:

Zikomo nonse. Nkhani ya mayi ake a Potter yandichititsa manyazi pang'ono, chifukwa nanenso poonera ndinali nditawaweruza kale mumtima popanda kufunsa. Za nyimbo tsopano ndamva, ndipo zandikumbutsa kuti bambo ankang'ung'udza kanyimbo kamodzi komweko nthawi zonse tikamawapaka mafuta, ife n'kumaganiza kuti ululu wachepa. Ndiyamba ndi Blue Remembered Hills monga mwafotokozera a Chikumbutso, kenaka ndidzafunafuna kucheza kuja ndi Melvyn Bragg.