Alandilodi asintha maganizo nditalipira kale ndalama yosungitsira nyumba ku England: ndalamayo ibwerera?

Nachisale_Leeds:

Akuluakulu amene mwakhala kuno ku England nthawi yaitali, ndithandizeni nzeru. Nyumba ndi ya lendi ya £1,040 pamwezi. Ejenti anati ndilipire £300 yosungitsira nyumbayo, ija iwo amati holding deposit, kuti asaipereke kwa wina pamene akufufuza mapepala anga. Ndinalipira kudzera kubanki. Patatha masiku 6 wanditumizira uthenga kuti alandilodi asintha maganizo, akufuna kuigulitsa. Pangano la lendi tinali tisanasainirane. Za ndalama yanga angoti "tiona". Kodi lamulo likuti chiyani pamenepa? Komanso kumene ndikukhala pano ndinapereka kale notisi, ndiye ndingalipiritse wina pa zimenezi?

Achimwene_a_Tiyese:

Chemwali, ndalamayo ndi yanu yonse, ndipo "tiona" ameneyo mulibe m'lamulo. Lamulo lake ndi Tenant Fees Act 2019, linayamba kugwira ntchito pa 1 June 2019. Limati mwini nyumba akaganiza zosapitiriza, ndalama yosungitsira ibwezedwe pasanathe masiku 7 kuchokera tsiku limene waganiza choncho. Kaya akufuna kugulitsa, kaya kuikamo m'bale wake, kaya wapeza wina wolipira zambiri, chifukwa chake sichisintha kanthu. Wathawa ndi iyeyo.

Pali njira zinayi zokha zimene angaigwirire ndalamayo: inuyo mwasintha maganizo nokha, mwalephera mayeso aja a Right to Rent oona ngati muli ndi chilolezo chokhala m'dziko muno, munanena zabodza kapena zosocheretsa pa chinthu chimene chikanasintha chiganizo chake, monga kukweza malipiro anu papepala kapena kubisa chigamulo cha khoti pa ngongole, kapena munazengereza osachita mbali yanu, iye akuchita yake, mpaka tsiku lomaliza linadutsa. Tsiku lomalizalo ndi la 15 kuchokera pamene analandira ndalama, pokhapokha mutagwirizana tsiku lina polemba.

Apa m'pamene maejenti ena amapusitsira anthu: amati "simunakhoze kafukufuku wa ngongole, ndiye ndalama yapita". Ayi. Ngati munayankha zoona pa fomu koma iwo aona kuti malipiro anu ndi ochepa, ali ndi ufulu wokukanani nyumba, koma ndalama abweze. Kulakwitsa chilembo pa dzina la kampani imene mumagwirako ntchito sikunama.

Ndipo ngakhale atakhala ndi chifukwa chenicheni, ayenera kukulemberani chifukwacho pasanathe masiku 7 aja. Akapanda kulemba, ufulu wosunga ndalamayo watha.

China chimene ndaona mu uthenga wanu: anakudulani mopitirira. Malire ndi lendi ya sabata imodzi. Werengani motere: £1,040 kuchulukitsa ndi 12 ndi £12,480, kugawa ndi 52 ndi £240. Ndiye £60 yapamwambayo sanayenere n'komwe kuilandira. Zimenezi muzitchule m'kalata, zimamuchititsa munthu kufulumira.

MaiPhiri_Luton:

Zonse anena achimwenewa n'zoona. Ine ndionjezere za kaitanitsidwe kake, poti kudziwa lamulo sikubweretsa ndalama mu akaunti.

Lekani kuimba foni. Lembani imelo kwa ejenti, alandilodi ngati muli ndi adiresi yawo alandirenso. Muikemo tsiku limene munalipira, kuchuluka kwake, adiresi ya nyumbayo, tsiku limene anakuuzani kuti asiya, dzina la lamulo lija, ndi tsiku lenileni limene mukufuna ndalama ikhale italowa. Musalembe kuti "mwamsanga", lembani deti. Uthenga uja wonena kuti alandilodi akufuna kugulitsa muujambule lero lomwe, pamodzi ndi sitetimenti yakubanki ndi chilengezo cha nyumbayo chisanachotsedwe pa intaneti. Uthenga umenewo ndiye umboni wanu waukulu, chifukwa mawa nkhani ikhoza kutembenuka kuti ndinu amene munachedwa kutumiza mapepala.

Akakhala chete, makomo alipo atatu ndipo mukhoza kugogoda onse. Loyamba ndi bwalo la milandu lotchedwa First-tier Tribunal, nthambi yake ya Property Chamber, imene ili ndi mphamvu yolamula kuti ndalamayo ibwezedwe, simufunika loya. Lachiwiri ndi a Trading Standards, oyang'anira malamulo a zamalonda, akukhonsolo ya dera limene nyumbayo ili, amene angathe kumulipiritsa chindapusa chofika £5,000. Lachitatu n'loti ejenti aliyense wobwereketsa nyumba ku England amakakamizidwa kukhala membala wa bungwe lomva madandaulo, The Property Ombudsman kapena Property Redress Scheme. Dzina lake mulipeza pawebusaiti yawo kapena pawindo la ofesi. Kumeneko amafuna muyambe mwadandaula kwa ejenti mwiniwake polemba, ndiye imelo ija ikugwira ntchito ziwiri.

Musataye nthawi kufufuza ndalamayi ku mabungwe osunga dipoziti ngati DPS kapena TDS. Kumeneko kumapita dipoziti yaikulu ija ya polowa m'nyumba. Yosungitsirayi imakhala kwa ejenti kapena kwa alandilodi.

Ejenti akanena kuti "tidula kaye za kafukufuku wa mapepala anu", kanani. Lamulo lomwelo linathetsa kulipiritsa wochita lendi ndalama zoterozo.

Nachisale_Leeds:

Zikomo kwambiri Amayi ndi Achimwene. Nanga za notisi ija? Galimoto yosamutsira katundu ndinaisungitsanso.

Gogo_Mbewe:

Mwanawe, apa ndiye povuta, ndipo ndikuuze mosabisa. Ndalama yosungitsira si pangano la lendi. Imangoonetsa kuti mbali ziwirizi zili ndi cholinga chogwirizana. Yang'ana pa lisiti kapena pa imelo ya ejenti, kawirikawiri pamalembedwa mawu akuti subject to contract, kutanthauza kuti palibe womangika mpaka mutasainirana. Zikakhala choncho, Tenant Fees Act ikubwezera ndalama yako yokha. Za galimoto, za hotela, za masiku amene wajomba kuntchito, lamulo limeneli silikhudza.

Zikanasiyana mukanakhala kuti nonse munasaina. Pamenepo kuthawa kwa mwini nyumba n'kuphwanya pangano, ndipo ukhoza kukasuma ku County Court, kumene milandu yosaposa £10,000 imayenda m'njira ya milandu ing'onoing'ono, malisiti onse ali m'manja. N'zoona kuti pangano la lendi la nthawi yochepa likhoza kumangika ndi pakamwa pokha, koma kutsimikizira zimenezo makiyi usanalandire ndiponso lendi usanalipire n'kovuta kwambiri. Ngati pali imelo imene akunena momveka kuti "nyumba ndi yanu kuyambira tsiku lakuti pa mtengo wakuti" popanda mawu aja, ukaionetse ku mabungwe opereka uphungu a Shelter kapena Citizens Advice, uphungu wawo ndi waulere.

Chofunika changu kuposa £300 ija ndi denga limene uli nalo panopa. Notisi ukaipereka sungaibweze wekha, pamafunika mwini nyumba avomere. Mulembere lero, asanalonjeze munthu wina, umupemphe kuti mupitirize kapena akuonjezere mwezi, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Akampani ya galimoto uwafunse ngati angasunthe deti m'malo mofafaniza, ambiri amalola ukawauza nthawi ilipo.

Uziyang'ananso pa mawebusaiti otsatsa nyumba a Rightmove ndi Zoopla masabata akubwerawa. Nyumba ija ikatulukanso ya lendi, ijambule. Ngati pali chosonyeza kuti anakukana chifukwa cha khungu, dziko lochokera, mimba kapena ulumali, imeneyo ndi nkhani ina pansi pa Equality Act 2010, ndipo pamenepo chipukuta misozi chimatheka.

Owerenga ena amene muli ku Wales kapena ku Scotland, zimene tanenazi ndi za ku England kokha. Uko kuli malamulo akeake, musakopere masiku ndi manambalawa m'kalata zanu.