Za m'mphepete mwa shawelo ija zatheka

Amayi anzanga, paja ndinafunsa sabata yatha kuti bwanji shawelo ya mwana wa mng'ono wanga ikupanga makwinya m'mphepete ngati masamba a mpiru nditangoluka mizere iwiri yokha. Eee vuto linali langa ndithu, ndimabaya singano pafupipafupi kwambiri ndiye ulusi umachuluka kuposa malo ake. Ndinamasula zonse, mtima ukuwawa, nkuyamba kaye ndi mzere umodzi wamba kuzungulira ponse kenako ndi pomwe ndinayika timaluwa tokongoletsera m'mphepete, ndipo pa kona iliyonse ndikubaya katatu pa bowo limodzi apo ayi kona imapindika ngati khutu la mbuzi.

Amene munati ndisinthe singano munanena zoona, ya 4mm yandithandiza, ija ya 3mm imakoka zedi.

Koma wulu umene ndalukira shaweloyi wokha ayi. Kutentha kwa kuno ku Nchalo manja amachita thukuta ulusi nkumamatirira pa zala, moti ndikuluka mmamawa basi pakhonde dzuwa lisanakwere. Ulendo wina ndigula wa thonje, mwana angapse nazo zimenezi. Shaweloyi ndayichapa dzulo nkuyanika chogoneka pa mphasa, pachingwe ikanatamuka. Yatsala mbali imodzi yoti ndibise timichira ta ulusi.