Akuti mwana wanga sakukula bwino m'mimba, ndithandizeni nzeru

Amayi anzanga, ndabwera ndi nkhawa. Ndimakhala ku Kapiri, kuno ku Mchinji, ndipo ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Lachiwiri kusikelo anamwino atayeza mimba ndi tepi anati yachepa poyerekeza ndi masabata 30 amene ndafika. Ananditumiza kukajambulitsa, ndipo kumeneko anatsimikiza kuti mwana sakukula mokwanira.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti mwana wanga woyamba anabadwa ndi makilogalamu 2.1, pomwe mwana akachepera 2.5 amati wabadwa wochepa thupi. Ndinakhala naye pachifuwa usana ndi usiku, njira ya kangaroo ija, akuyamwa movutikira, ine misozi ili mbwembwembwe. Sindikufuna tidutsenso momwemo.

Malungo ndinadwala mwezi wachinayi, ndipo anandiuza kuti amachepetsa chakudya chofika kwa mwana. Fansida ndamwa katatu, m'neti ndimagona, BP ili bwino. Koma ndisabise, mapilitsi owonjezera magazi ndimadumphitsa chifukwa amandichititsa nseru. Inu mumamwa nthawi yanji kuti asakuvuteni?

Nanga zakudya? Mtedza ndi soya tili nazo, usipa timagula apo ndi apo. Mazira apongozi akundiletsa, akuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi, pomwe kusikelo akuti ndizidya. Ndiwauze bwanji mwaulemu?

Amene zinakuchitikiranipo, mwana anawonjezera thupi miyezi yotsalayi? Kumunda munasiyiratu kupita? Ndipo akachepetsa kugunda m'mimba, ndithamangire kuchipatala ngakhale usiku?