Ndithandizeni za timu ya Michigan Agricultural College ya 1896

Abale ndi alongo, makamaka inu okhala kufupi ndi mzinda wa East Lansing ku Michigan, ku America, ndikupempha thandizo. Mwana wanga wapatsidwa ntchito kusukulu yolemba za chiyambi cha mpira wa chimereka, uja wa mpira wosongoka mbali zonse, pa koleji ya zaulimi ya Michigan Agricultural College, yomwe lero ndi Michigan State University ya mumzindawo.

Koleji inakhazikitsidwa mu 1855, ndipo timu yake yovomerezeka inayamba kusewera mu 1896, ilibe kochi. Masewero oyamba anali ndi anyamata a sekondale ya Lansing, ndipo a kolejiwo anapambana 10 kwa 0. Nthawi imeneyo touchdown (kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, mbali ya timu inayo) inali mapointi 4, kumenya mpira pambuyo pake 2, field goal (kumenya mpira kudutsa pakati pa mitengo ya golo masewero ali mkati) 5, ndipo kuponyera mpira kutsogolo kunali koletsedwa mpaka 1906. Ndiye 10 ija ingachokere ku ma touchdown awiri ndi kumenya kumodzi, kapena ma field goal awiri. Alipo amene anaona nyuzipepala ya kolejiyo, M.A.C. Record, yofotokoza mmene zinakhalira?

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri ndi ichi: zaka zoyambirira ophunzira ankakakamizidwa kugwira ntchito ya kumunda maola atatu tsiku lililonse. Kodi anyamata a 1896 ankachokerabe kumunda n'kupita kokonzekera masewero? Ine ndikuona kuti nkhani yeniyeni ili pamenepa, osati pa kugonja 119 kwa 0 ndi University of Michigan mu 1902 kumene aliyense amatchula.

Amene mukudziwa kumene masamba akale a M.A.C. Record amawerengedwa pa intaneti, chonde ndiuzeni sabata ino isanathe.