Ounika awiri akutsutsana pa matanthauzo a mawu m'pepala langa

Nambewe:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pepala langa labwerako kwa mkonzi ndi ndemanga za ounika awiri, ndipo akukokera kwinakwina. Kafukufukuyu ndi wa mmene amuna ogonana ndi amuna anzawo (mwachidule MSM m'Chingerezi) amapezera thandizo kuchipatala. Wounika woyamba akuti mawu akuti sex (thupi lachimuna kapena lachikazi), jenda, gay (mwamuna wokopeka ndi amuna anzake) ndi MSM ndangowamwaza osawatanthauzira. Wachiwiri akuti chiganizo chimodzi chomwe ndinafotokozapo jenda chikusonyeza kuti ndatenga mbali pa mkangano, ndichichotse. Ndikamvera uyu ndilakwira uyo. Nditani?

Dr. Kamanga:
Mayi Nambewe, mabuku ayambe adikira. Tsegulani kaye pepala la mafunso. Munafunsa kuti munthu anagonana ndi ndani, amakopeka ndi ndani, kapena amadzitchula kuti ndani? Zitatuzi siziyendera limodzi nthawi zonse. Mwamuna akhoza kuyankha inde pa funso loyamba, nkukana kwamtuwagalu kuti ndi gay, ndipo sananame paliponse.

Nambewe:
Funso 14 likuti, "M'miyezi 12 yapitayi, munagonanapo ndi mwamuna?" Za kudzitchula zinangotuluka pa macheza a mmodzimmodzi. Bokosi la mwamuna kapena mkazi ankachonga yekha wofunsa, pongomuyang'ana munthuyo.

Dr. Kamanga:
Ndiye gay achoke m'matebulo onse. Munayeza khalidwe, lembani khalidwe. MSM anamukhazikitsa ndi akatswiri owerengera kufala kwa HIV m'zaka za m'ma 1990 pofuna kuwerenga zochita za anthu mosayang'ana dzina lomwe amadzipatsa, ndipo n'zomwe funso 14 likuchita.

Chisale:
Ndikugwirizana nanu adokotala, koma MSM nayenso ali ndi omutsutsa. Mu 2005 Rebecca Young ndi Ilan Meyer analemba mu American Journal of Public Health kuti mawuwa amafufuta mayina omwe anthu amadzipatsa komanso magulu omwe amakhalamo. Chiganizo chimodzi chosonyeza kuti mukuzidziwa zimenezi chikwana. Chandidetsa nkhawa ine ndi bokosi lija. Wofunsa akachonga pongoona, simunayeze sex, simunayezenso jenda. Mwayeza maso a wofunsayo. Ngati mwa oyankha munali munthu wobadwa ndi thupi lachimuna koma amadziona kuti ndi mkazi, mwamuwerengera pamodzi ndi amuna iye asanafunsidwe. Zilembeni poyera pa gawo la zoperewera za kafukufuku. Ulendo wina mudzafunse mafunso awiri: anamulemba kuti ndani atabadwa, nanga pano amadzitchula kuti ndani.

Banda:
Bwanji osangoika mndandanda wa matanthauzo kumapeto? Mabungwe ambiri ali nayo yokonzakonza, mungokopera umodzi, nkhani yatha.

Mayi Gondwe:
A Banda, pamenepo ndiye wounika wachiwiri alusa kwambiri. Mndandanda wokopera umabwera ndi mawu ambirimbiri omwe pepala silinawayeze, aliyense ndi mkangano wake.

Mayi Nambewe, ine ndimakonza mapepala a anthu, ndipo ndikhoza kulosera kuti chiganizo chanucho chikuyamba ndi "Jenda ndi..." Mukalemba chotero mwaweruza mlandu womwe eni ake sanaumalize. John Money anayamba kunena za gender role mu 1955. Ann Oakley mu 1972 anasiyanitsa sex, za thupi, ndi jenda, zomwe anthu amayembekezera kwa mwamuna kapena mkazi. Pofika 1990 Judith Butler anatsutsa malire amenewo, nati ngakhale sex timaiona kudzera m'maganizo omwe tinaphunzitsidwa. Oyèrónkẹ́ Oyěwùmí mu 1997 anafika ponena kuti Ayoruba akale ankasanja anthu potengera ukulu osati umuna kapena ukazi, ngakhale ena anamutsutsa. Maboma nawo zinawavuta. Rome Statute ya 1998, pangano lomwe linakhazikitsa khoti la padziko lonse la ICC, pa ndime 7(3) imati jenda ndi mwamuna ndi mkazi malinga ndi chikhalidwe cha anthu, mawu ochita kunyengererana kuti mbali zonse zisaine. Istanbul Convention ya 2011, pangano la mayiko a ku Ulaya lothana ndi nkhanza kwa amayi, imanena za maudindo ndi makhalidwe omwe anthu amawaumba okha. Choncho chiganizocho musachichotse. Chipatseni mwini wake ndi chaka, ndipo munene kuti n'cha pepala lino lokha.

Nambewe:
Mwalosera zoona, mayi. Nanga mawu akuti mathanyula? Oyankha angapo anawatchula pofotokoza mmene anawalalatira pamzere wa odwala.

Mayi Gondwe:
Asiyeni mmene anatulukira pakamwa pawo, mkati mwa zizindikiro za mawu a mwini, ndipo munene kuti kwa oyankhawo ndi chipongwe. Mukawasalaza mwataya umboni. Koma asalowe m'ziganizo zanu kapena pamutu wa tebulo. Chimodzimodzi mukamagwira mawu m'mapepala akale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachotsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda mu 1990, ndiye wolemba wa m'ma 1970 akamakutcha matenda, chaka chake chioneke pompo kuti wowerenga asayese ndi maganizo anu.

Nambewe:
Ndalemba chonchi pa gawo la njira za kafukufuku: "M'pepala lino MSM ndi oyankha omwe wofunsa anawalemba kuti ndi amuna ndipo anavomera pa funso 14. Mawuwa akunena za khalidwe lokha. Gay akupezeka pokhapo pomwe woyankha anadzitchula yekha. Jenda tikumugwiritsa ntchito motsatira Oakley, 1972, ngakhale pali ena omwe amatsutsa kusiyanitsa kumeneku."

Dr. Kamanga:
Zakhala bwino. Tsopano sakani mawu anayiwo m'pepala lonse ndi kompyuta, limodzi ndi chidule cha koyambirira, muone ngati paliponse akutsata tanthauzo mwalembali.

Mayi Gondwe:
"Pali ena" atchulidwe dzina, ikanipo Butler. Ndipo m'kalata yoyankha mkonzi, ndemanga ziwirizo muziyankhe pamodzi, mumusonyeze kuti zikutsutsana komanso tsamba lomwe mwakonza. Ine ndikalandira kalata yotero sindibwezanso pepala kwa ounika pa mfundo imeneyo.